Andilemba ntchito pa macheka ku Chikangawa, ndikayembekezere zotani?

Yamikani wa ku Ntcheu: Moni nonse akuluakulu. Ndine watsopano pagulu pano, anandilowetsa ndi achimwene ena amene timapemphera limodzi. Nkhani yanga ndi iyi: ndaitanidwa kukayamba ntchito pa kampani ina yocheka matabwa cha ku Chikangawa. Pa kalata alemba kuti ndikakhala wothandizira oyendetsa makina, ndipo miyezi yoyambirira ndi yondiyesa. Ndili ndi MSCE basi, makina aakulu amene ndinawagwirako ndi chigayo cha amalume. Kumpoto sindinapondeko. Amene munagwirako ntchito imeneyi ndiuzeniko zoona zake, musandibisire. Kodi tsiku loyamba lomwelo akandipatsa makina oti ndiziyendetsa? Nanga zala zimaduka monga anthu amanenera?

Kadzidzi: Zimaduka ndithu mphwanga, uyambiretu kuphunzira kudya nsima ndi supuni kkkkk

Admin: A Kadzidzi, mwana wafunsa mwaulemu. Tiyeni timuyankhe bwino.

Bambo Nyirenda opuma pantchito: Monire mose. Mwana wanga Yamikani, ndikuyankhe ine amene ndakalambira pa macheka. Makina sakupatsa tsiku loyamba ayi, ndipo kampani imene ingakupatse tsiku loyamba uithawe. Wothandizira amayambira kumchira. Chipika chimalowa mbali iyi, woyendetsa amaima pa mabatani, iwe umaima mbali inayo kumene matabwa akutulukira. Ntchito yako ndi kulandira thabwa, kuchotsa zigwagwa, kusiyanitsa 2 by 6 ndi 2 by 4 ndi 2 by 3 (miyezo ya matabwa m'mainchesi), kusanja, kukokolola utuchi pansi pa makina nthawi yoimitsa, basi. Ena amayambira pabwalo la zipika kugubuduza mitengo ndi kuchotsa makungwa. Ena pa cross-cut, kudula matabwa kuti akhale a muyezo umodzi.

Usaipeputse ntchito ya kumchirayo. Woyendetsa makina wabwino aliyense amene ndinamudziwa anadutsa pomwepo. Ukaima kumchira ndi pamene umaphunzira kuwerenga thabwa. Likatuluka lokhuthala uku, lopyapyala uku, ndiye kuti sowo yafooka kapena yatentha. Likatuluka ndi mafunde pamwamba, woyendetsa akukankha chipika mothamanga kuposa mmene mano angadyere. Likatuluka ndi mzere wakuya umodzi kuyambira uku mpaka uko, pali dzino limodzi lapindika. Zimenezi woyendetsa sazionera pafupi, amene amaziona koyamba ndi iweyo. Mnyamata amene amakweza dzanja n'kunena kuti "bwana, thabwa likubwera lokhota" ndi amene kapitawo amamukumbukira pakapezeka malo.

Yamikani wa ku Ntcheu: Zikomo kwambiri bambo. Ndiye kuti ndi ntchito yonyamulanyamula kwambiri?

Bambo Nyirenda opuma pantchito: Kwambiri. Paini amene umamuona ku hardware ndi wouma, wopepuka. Wongodulidwa kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Thabwa la 2 by 6 la mafiti 18 lauwisi ukalinyamula wekha tsiku lonse, madzulo msana umakuuza. Sabata ziwiri zoyamba udzaganiza zobwerera ku Ntcheu. Ukapirira pamenepo thupi limazolowera. Pinda mawondo ponyamula, osati msana, ndipo thabwa lalitali muzigwira awiri ngakhale anzako akuseke.

NaPhiri wa pa planer: Achimwene a Yamikani takulandirani. Ine ndili pa planer, makina osalaza matabwa, ndipo ndinayambira kusanja ku kiln, kumene amaumitsira matabwa. Zimene anena bambo Nyirenda ndi zoona. Ndiwonjezerepo za kuzizira chifukwa anthu a kumwera mumabwera ndi malaya amodzi. Chikangawa ndi pamwamba pa mapiri a Viphya. Juni ndi Julayi nkhungu imagwa moti galimoto pa M1 zimayenda ndi nyali usana. Mutenge bulangete lenileni ndi juzi. Koma juzi lake likhale logwira thupi, lopanda zingwe zolendewera, ndipo muzilivala m'kati mwa ovololo. Jekete lotakasuka pafupi ndi marola ndi ngozi.

Chemwali ake a Yamikani: Pepani ndalowerera, ndine mlongo wake wamkulu wa mnyamatayu, ndi amene ndamulera. Ine usiku sindikugona. Kwathu kuno kuli bambo wina anabwerako ku macheka alibe zala zitatu. Ndiuzeni mosabisa, ndimulole apite kapena adikire ina?

Bambo Nyirenda opuma pantchito: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Ndikuuzeni mmene anthu amavulalira, chifukwa si mmene ambiri amaganizira. Si kawirikawiri munthu kudulidwa pamene makina akucheka bwinobwino, nthawi imeneyo aliyense amakhala tcheru. Ngozi imabwera makina akatsamwa. Kachigwagwa kakodwa pakati pa sowo, kapena utuchi wadzaza pa tcheni, ntchito yaima, kapitawo akukuwa kuti lole ikudikira. Pamenepo mnyamata wofuna kuoneka wakhama amapisa dzanja kuti achotse msanga. Mwina wazimitsa ndithu, koma sowo ikadali kuzungulira ndi mphamvu yotsalira, ndipo mano a sowo yozungulira saoneka, umangoona ngati mthunzi. Mwinanso yaima, koma mnzake kutsogolo sakumuona, n'kudina batani.

Ndinaonapo ndi maso angawa pa macheka ena amene sinditchula. Mnyamata analowa pansi pa tcheni kukachotsa makungwa nthawi imene magetsi anazima. Sanazimitse pa switchi yaikulu chifukwa anati magetsi kulibe kale. Magetsi anabwera ali pomwepo. Anapulumuka, koma dzanja silinabwerere mwakale.

Ndiye lamulo ndi limodzi, Yamikani ulimve. Chilichonse chikakodwa: zimitsa, dikira mpaka chilichonse chozungulira chiime zii, pita pa switchi yaikulu, tsekapo ndi loko, kiyi uike m'thumba mwako, osati mwa kapitawo, osati pa msomali. Yesa kudina batani uone kuti sizikuyaka. Ukatero chotsa chokodwacho ndi ndodo kapena chokowera. Munthu wina asakuchotsere loko wako, iwenso usachotse wa mnzako.

Chemwali ake a Yamikani: Mwandiopsezanso bambo, koma ndamva. Yami, ukuwerenga?

Yamikani wa ku Ntcheu: Ndikuwerenga achemwali, ndalemba m'kope.

Che Bwanali ku Sabie: Moni abale. Ine ndili ku Joni, ku Sabie m'chigawo cha Mpumalanga, tauni yake ndi ya matabwa okhaokha. Zimene anena madala a Nyirenda za loko kuno amazitcha lockout, ndipo akakupeza wapisa dzanja popanda loko wako ntchito imathera pomwepo ngakhale usanavulale. Munthu aliyense amapatsidwa loko wakewake wolembedwa dzina. Kumudziko ngati kampani ilibe maloko, gula wako pa msika mphwanga, ndi wotchipa kuposa dzanja.

China chimene sanatchule ndi edger, makina odula m'mbali mwa thabwa kuti likhale lowongoka. Watsopano amakonda kuikidwa pamenepo chifukwa amaoneka ophweka, umangolowetsa thabwa. Koma edger imabweza. Thabwa likapanikiza sowo, kapena mfundo ikathothoka, chimabwerera m'mbuyo ndi liwiro loti sungazinde, ndipo chimalunjika pamimba. Usaime kumbuyo kwenikweni kwa thabwa, uziima chapambali. Ndipo kutsogolo kwake kumakhala tizitsulo tolendewera ngati zala toletsa thabwa kubwerera. Uziona m'mawa uliwonse ngati tilipo tonse komanso ngati sitinamatidwe ndi utomoni.

Bwana Zigwagwa: Mwachulutsa zoopseza anthu inu. Ife tacheka matabwa m'nkhalangomu ndi makina oyenda nawo zaka zambiri, anyamata anga ovala masilipasi, palibe anafa. Mwanayu ngati ali ndi nzeru asapite ku kampani, abwere kwa ife ocheka tokha. Kwa ife mwezi umodzi wokha ali kale pa Wood-Mizer, makina ochekera oyenda nawowo, akuyendetsa yekha. Ku kampani adzakalamba akusesa utuchi. Ndipo ife timalipira pa thabwa, ukalimbikira umapeza zambiri kuposa wa pamwezi.

NaPhiri wa pa planer: A Zigwagwa, "palibe anafa" ndiye muyezo wake umenewo? Nanga makutu awo munawayeza?

Bwana Zigwagwa: Makutu atani mayi? Akumva bwinobwino, ndikawaitana pa malipiro amabwera akuthamanga.

Kadzidzi: Kkkkkk pa ndalama ngakhale gonthi amamva

NaPhiri wa pa planer: Sekani, koma nkhani ya makutu ndi imene imapweteka anthu ambiri kuposa ya zala, kungoti ilibe magazi. Akatswiri amati phokoso likafika ma decibel 85 kwa maola 8 patsiku makutu amayamba kuwonongeka, ndipo planer ndi sowo zimapitirira pamenepo kutalitali. Njira yodziwira ndi yosavuta: ngati mukuyenera kukuwa kuti mnzanu amene waima pafupi nanu amve, phokoso lapyola. Poyamba mumangomva kulira ngati kwa nkhululu m'khutu mukaweruka, m'mawa kwatha. Pakapita zaka sikuthanso, ndipo khutu likafa silidzuka. Achimwene a Yamikani, zotseka m'makutu muzivala kuyambira tsiku loyamba. Anzanu adzati amamvera makina ndi khutu ndiye sangatseke. Bodza. Ine ndimatseka koma mpeni wa planer ukabuntha ndimaumva.

Masiki nayonso. Utuchi wa paini wauwisi ndi wonyowa, suuluka kwambiri. Woopsa ndi fumbi la matabwa ouma, la ku planer ndi kopalira, limene limalowa m'chifuwa osalimva.

Bambo Nyirenda opuma pantchito: Apa NaPhiri wanena zoona ndipo mboni ndine. Adzukulu anga amachita kubwereza kawiri akamandilankhula. Nthawi yathu zotsekazo kunalibe amene ankazilabadira.

Koma a Zigwagwa ndiwayankhe. Sindikunyoza ocheka okha, ambiri aphunzitsa ana ndi ntchito imeneyo. Ndi zoona kuti kwa inu mnyamata amagwira makina msanga. Vuto ndi malipiro a pa thabwawo. Munthu wolipidwa pa thabwa sazimitsa makina kuti achotse chokodwa, chifukwa mphindi iliyonse ndi ndalama yake. Sasintha sowo pa nthawi yake. Ndipo akavulala pakati pa nkhalango, galimoto yopita naye kuchipatala ili kuti? Kwa woyamba kumene, ine ndimati ayambe pamene pali dongosolo, aphunzire zoyenera, kenako akafuna adzabwere kwa inu ali ndi mutu wake.

Bwana Zigwagwa: Madala, ulemu wanu, koma dongosolo silidyedwa. Afunse kaye kuti akalandira zingati.

Mlongo wa ku yuniyoni: Funso limenelo ndi labwino ngakhale labwera mokalipa. A Yamikani, ndikupatseni za malamulo pang'ono, muzisunge.

Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limati olemba ntchito akupatseni chikalata chofotokoza ntchito yanu, malipiro ndi maola pasanathe mwezi umodzi chiyambireni. Musangokhulupirira za pakamwa. Maola a pasabata ndi 48, opitirira apo ndi ovataimu. Ovataimu ya tsiku wamba ndi malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ya tsiku lanu lopuma ndi kawiri. Nthawi yoyesedwa siyenera kupitirira miyezi 12, ndipo ilembedwe m'kalatamo kuti ndi miyezi ingati. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, 15 kwa ogwira masiku asanu. Malipiro otsikitsitsa boma linawaika pa K90,000 pamwezi mu 2024 ndipo amasinthidwa, ndiye mufunse ku ofesi ya leba ku Mzimba kapena ku Mzuzu kuti pano ali pati, musalandire ochepera apo. Za penshoni, bwana amaika 10 peresenti, inu 5 peresenti. Muziona pa payslip, komanso muzifunsa ngati ndalamazo zikufikadi kumene zikuyenera kupita.

Zodzitetezera, monga ovololo, nsapato zolimba kutsogolo, magalasi, zotseka m'makutu, ndi udindo wa kampani pansi pa lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997. Si mphatso ayi. Ndipo mukavulala, ngakhale pang'ono, nenani tsiku lomwelo zilembedwe m'buku, mupite kuchipatala, musunge mapepala. Chipukuta misozi pansi pa Workers' Compensation Act chimayendera mapepala amenewo. Ambiri amaluza chifukwa kapitawo anawanyengerera kuti "tingomanga bandeji, usalembetse", chilonda n'kudzakula patapita sabata.

Yamikani wa ku Ntcheu: Zikomo asisi. Koma kunena zoona, ine wongofika kumene ndingayambe kufunsa za malamulo? Sadzati ndine wovuta n'kundichotsa nthawi yoyesedwa isanathe?

Mlongo wa ku yuniyoni: Simukupita kukachita ndewu. Kalata mumapempha kwa a HR mwaulemu, "bwana ndimafuna kope langa ndisunge". Kampani yolongosoka sidabwa nazo. Maola anu muzilemba m'kabuku kanu mwakachetechete, tsiku ndi tsiku. Simukuuza munthu. Tsiku limene payslip idzasiyane ndi kabukuko ndi pamene mudzalankhule.

Che Bwanali ku Sabie: Ndinenepo za mmene angakwerere pantchito, chifukwa a Zigwagwa akuti adzakalamba akusesa. Amene amakalamba akusesa ndi amene sadziwa tepi. Mphwanga, usanakwere basi gula tepi yoyezera, uphunzire mbali zonse ziwiri, mainchesi ndi mamilimita. Inchesi imodzi ndi mamilimita 25.4. Makasitomala kumudziko amati 2 by 6, koma makina ambiri amawerenga 50 ndi 150. Mafiti 18 ndi pafupifupi mamita 5.5. Uphunzirenso kuwerengera cubic metre: 0.05 kuchulukitsa ndi 0.15 kuchulukitsa ndi 5.5, imakupatsa pafupifupi 0.041, ndiye kuti matabwa 24 a 2 by 6 ndi pafupifupi cubic metre imodzi. Uli ndi MSCE, zimenezi ndi masamu a Fomu 1. Koma udzadabwa kuti pa shifiti yonse odziwa kuwerengera zimenezi ndi awiri kapena atatu. Tsiku limene wolemba tally, chiwerengero cha matabwa otuluka, wadwala, amafunsa kuti ndani angagwirizire. Khomo limatseguka choncho.

Bambo Nyirenda opuma pantchito: Che Bwanali mwalasa. Ndiwonjezere chimene mabwana amayang'ana kwenikweni mwa woyendetsa makina. Anyamata amaganiza kuti ndi liwiro. Ayi, ndi kuchuluka kwa matabwa amene watulutsa m'chipika chimodzi. Kampani inagula chipika chonse, koma chimene imagulitsa ndi matabwa okha. Pa macheka ambiri, theka la chipika kapena kuposa limathera ku utuchi, zigwagwa ndi zidutswa. Woyendetsa waluso amayang'ana chipika chisanafike pa sowo, kuona kumene chakhotera, kuchitembenuza kuti msana wokhota ukhale koyenera, n'kudziwiratu kuti umu mutuluka ma 2 by 6 angati ndipo m'mbalimu mutsala ma 1 by 6. Wosadziwa amangocheka, thabwa limodzi lathunthu n'kupita ku zigwagwa pa chipika chilichonse. Werengera zipika za tsiku lonse uone ndalama imene yatayika.

N'chifukwa chakenso makampani amakonda bandsaw, sowo yangati lamba, kuposa sowo yozungulira ija yaikulu. Bandsaw ndi yopyapyala, njira imene imadya m'mtengo ndi yaing'ono, utuchi umachepa. Koma ndi yosachedwa kukwiya. Ikakumana ndi mwala kapena dothi la pa makungwa mano amatha nthawi yomweyo, ndipo utomoni wa paini ukamatirira imatentha n'kuyamba kuyenda mokhota.

Ndiye langizo langa lenileni ndi ili. Pa macheka aliwonse aakulu pali kachipinda kena kumbali, kumene kumakhala munthu wonola ndi kukonza masowo, amamutcha saw doctor. Nthawi ya nkhomaliro anzako akamasewera bawo, iwe upite ukamuthandize kunyamula masowo, umufunse chifukwa chimene sowo iyi yang'ambikira pakhosi pa dzino, chifukwa chimene iyi akuimenya ndi nyundo. Anthu amenewa ndi ochepa m'dziko muno ndipo ambiri ndi achikulire. Woyendetsa makina angamusinthe mawa, koma wonola masowo akadwala fakitale yonse imadwala naye.

Kadzidzi: Madala mukufuna mwana asadye nkhomaliro?

Bambo Nyirenda opuma pantchito: Adye msanga.

Mphunzitsi Kamanga: Ndakhala ndikungowerenga. Ine si wa macheka, ndimaphunzitsa Geography, koma ndikufuna mnyamatayu adziwe kumene akupita. Nkhalango ya Viphya ndi ya mahekitala pafupifupi 53,000, imodzi mwa nkhalango zobzalidwa zazikulu kwambiri mu Africa muno. Kubzala kwakukulu kunayamba m'ma 1960, ndipo cholinga sichinali matabwa ayi. Boma linkafuna kumanga fakitale ya zopangira mapepala ku Chintheche m'mphepete mwa nyanja, koma fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo inakula yopanda ntchito imene anaibzalira, ndiye pamene inasanduka ya matabwa. Kampani ya boma ya VIPLY inagulitsidwa mu 1999 n'kukhala Raiply, imene ili ndi gawo la mahekitala pafupifupi 20,000. Mbali zina zinapatsidwa kwa makampani ena ndi magulu a ocheka matabwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti amene anadutsa pa M1 zaka za m'ma 1990 ndi amene akudutsa lero akuona zinthu ziwiri zosiyana. Malo ambiri anadulidwa osabzalanso pa nthawi yake, kwina moto unatentha. Paini amatenga zaka 20 kapena kuposa kuti afike pochekedwa matabwa abwino. Ndiye funso langa kwa odziwa: ntchito imeneyi ili ndi tsogolo kwa mwana wa zaka za m'ma 20?

Bwana Zigwagwa: Aphunzitsi, ndikudziwa kumene mukulowera. Mukufuna kunena kuti ife ang'onoang'ono ndi amene tinamaliza nkhalango. Ife tinkalipira ku Forestry mtengo uliwonse. Ndalama zobzalira zinapita kuti, mukafunse kumeneko.

Mphunzitsi Kamanga: Sindinatchule munthu bambo. Ndafunsa za tsogolo.

NaPhiri wa pa planer: Ndiyankhe monga amene ndili kuno. Kubzala kukuchitika, mukadutsa muona mitengo yaing'ono yambiri. Chimene chasintha ndi kukula kwa zipika. Akuluakulu amatiuza za zipika zoti anthu awiri kulephera kugubuduza. Zimene zikubwera pano zambiri ndi zazing'ono, ndipo chipika chaching'ono chimafuna luso lochuluka kuti upezemo thabwa labwino, komanso matabwa ake sachedwa kupindika pouma. Ndiye ntchito ikusunthira ku kuumitsa bwino, kusalaza, kulumikiza zidutswa, plywood ndi mabolodi. Amene akudziwa kiln ndi planer sasowa pogwira. Ndipo luso la makina silikhala la paini yekha. Amene waphunzira malamba, mabering'i, girisi ndi magetsi a makina akhoza kukagwira ku fakitale ina iliyonse, ya shuga kaya ya simenti.

Che Bwanali ku Sabie: Zoona. Ndipo ukakhala ndi pepala zimaposa. Ukagwira chaka chimodzi kapena ziwiri ufufuze ku TEVETA za mayeso a luso, kaya ukalowere ku general fitting kaya zamagetsi. Kuno ndaona anthu a ku Mutare ndi ku Chimanimani ku Zimbabwe akulembedwa msanga chifukwa amabwera ndi mapepala a ntchito ya matabwa, pamene ife timabwera ndi pakamwa pokha kuti "ndimadziwa". Ukamachoka pa kampani iliyonse uzipempha kalata yonena makina amene unagwirapo, mayina ake enieni.

Yamikani wa ku Ntcheu: Funso lina laling'ono. Magolovesi ndigule anga? Ndamva kuti paini amabaya.

Bwana Zigwagwa: Gula achikopa, uzivala nthawi zonse. Apa pokha ndigwirizana ndi anthu a chitetezowa.

Bambo Nyirenda opuma pantchito: Ayi a Zigwagwa, "nthawi zonse" ndi pamene mwalakwitsa. Magolovesi ndi a ponyamula ndi posanja matabwa. Pafupi ndi chilichonse chozungulira, marola, tcheni, shafiti, mpeni wa planer, amavulidwa. Dzanja lopanda kanthu likakhudza rola umalibweza ndi kachilonda. Golovesi ikakodwa imakoka dzanja lonse kulowa nalo, ndipo chikopa chake sichiduka kuti upulumuke. Chimodzimodzi mphete, wotchi, chibangili, malaya a manja aatali osamanga mabatani.

Bwana Zigwagwa: Ndiye mwana azivula ndi kuvala tsiku lonse?

NaPhiri wa pa planer: Eya, amatero. Ine ndikamalowetsa matabwa mu planer sindivala, wolandira kumbuyo amavala chifukwa ali kutali ndi marola. Zimatengera pamene waima. Achimwene, tsiku loyamba mufunse amene akukuphunzitsani kuti pamalo panu pamafunika kuvala kapena ayi, ndipo akuonetseni batani lofiira loimitsira mwadzidzidzi lili pati musanagwire thabwa ngakhale limodzi. Kwa atsikana amene akuwerenga, chifukwa ndikudziwa alipo amene amafuna ntchitoyi: chitenje ndi mpango wolendewera zimatsala kunyumba, mesh yaitali imangidwe ilowe m'chipewa. Ntchitoyi akazi tikuigwira ndithu, makamaka ku grading (kusankha matabwa potengera ubwino wake), ku kiln ndi ku planer.

Chemwali ake a Yamikani: Mayi NaPhiri, nanga zogona ndi zakudya kumeneko zimakhala bwanji? Mwanayu kuphika kwake ndi kwa mavuto.

NaPhiri wa pa planer: Zimasiyana kampani ndi kampani, ena amapereka nyumba ena ayi, afunsiretu asananyamuke. Asadalire kuti akapeza lendi tsiku lomwelo, malo ake si tauni. Zinthu zambiri timakagula ku Mzuzu kapena ku Mzimba boma mwezi ukatha. Nkhuni zokha ndiye sadzagula. Abwere ndi ufa wokwana mwezi woyamba chifukwa malipiro oyamba amachedwa kuoneka. Chitumbuka adzaphunzira konkuno, anthu amamva Chichewa, koma "monire" ndi "yewo" aziyambirapo, akuluakulu amakondwera.

Chimodzi chokha mumuuze inuyo monga mlongo wake, mwina kwa inu amva: kuzizira kuno kumapangitsa anyamata kuyamba timabotolo tija ta mowa woti atenthetse thupi. Wobwera m'mawa ndi matsire pa makina ndi amene timamuopa tonse, chifukwa savulala yekha.

Kadzidzi: Apa ndiye mwandinena ine, ndatuluka

Mphunzitsi Kamanga: Kuwonjezera pa za moto zija: miyezi ya Seputembala mpaka mvula itagwa ndi yoopsa m'nkhalangomo, ndipo ogwira ntchito amatha kuitanidwa kukazimitsa ngakhale usiku. Asadzadabwe. Fodya pafupi ndi mulu wa utuchi ndiye ayi.

Mayi a Nkhuku Area 25: Pepani ndapatuka pang'ono poti ndaona pali anthu a macheka. Ndimaweta nkhuku za nyama ku Lilongwe. Zoyala m'khola ndi bwino utuchi wa ku sowo kapena zopala za ku planer? Ndipo wina anandipatsa zidutswa za mapolo obiriwira aja kuti ndizisonkhera mbaula ya anapiye, zili bwino?

Admin: Mayi, za malonda timakamba Lachisanu, koma poti mwafunsa za chitetezo ayankheni.

NaPhiri wa pa planer: Tengani zopala za ku planer za paini wouma. Utuchi wa ku sowo umakhala wonyowa, umachita nkhungu, komanso ndi wosalala kwambiri moti anapiye amaudya n'kumausokoneza ndi chakudya. Koma mapolo obiriwirawo musayatse mayi, chonde. Kubiriwirako ndi mankhwala a CCA oteteza ku chiswe, muli arsenic. Utsi wake ndi phulusa lake ndi poizoni kwa anapiye ndi kwa inu nomwe, ndipo phulusalo musathire kudimba. Pogula zopala muzifunsanso ngati sanasakanize ndi za matabwa othiridwa mankhwala.

Mayi a Nkhuku Area 25: Mayo ine, ndinali nditawaza kale mulu wonse. Ndikauza mnyamata awachotse kukhitchini asanaphikire nyemba.